Ketilina wa Aliyense

Kapata, Chipata
14 Januwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Tamanda,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lusaka kumeneko pamodzi ndi maloya amene umawatayipira makalata. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa ndi mtima wanga. Bondo ndi lakalekale. Mtima unayamba mu Disembala.

Usandiimbire foni pa nkhani iyi. Foni ndaizimitsa, ili m'chitini cha misomali. Akazi awo a amalume ako, a Sesiliya, ali ndi kanyumba kotumizira ndalama pafoni, ndipo munthu wokhala tsiku lonse pakati pa mafoni anayi sangalephere kumva zokamba anzake.

Ukudziwa kuti mu 2009 ine, Whiteson Sakala, wowotcherera zitsulo, ndinapanga kaliyala wa njinga amene Chipata anali asanamuonepo. Makaliyala a m'sitolo ankapindika ndi thumba limodzi la mtedza. Wanga ali ndi miyendo inayi, ndi nyanga ziwiri zokhotera m'mwamba zogwira thumba kuti lisaterereke pachitunda. Ndinamutcha dzina la amayi ako, Ketilina, chifukwa amanyamula chilichonse osadandaula. Mu 2012 ndinakwera basi kukalembetsa dzinalo ku ofesi ya zizindikiro za malonda. Satifiketi yake ili pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wathu.

Tsono mu Disembala ndikudutsa pa Madzimoyo, ndinaona chikwangwani m'mbali mwa msewu: MAKETILINA OLIMBA PANO. Pansi pake panali amalume ako a Alfonsi Miti, munthu amene ndinamuphunzitsa ine kuwotcherera, ali chogwada, akupinda nyanga zanga zomwe zija.

Ndinatsika njinga. Ndinati, "Alamu, ichi n'chiyani?"

Iwo anakweza magalasi awo akuda owotcherera n'kuti, "Ndi ketilina, alamu. Mwamuiwala? Mufuna angati?"

Ndinapita kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito wodziwa Chingelezi choopsa, tinawalembera kalata yoti asiye pasanathe masiku asanu ndi awiri. M'malo monjenjemera, iwo apeza loya wamkazi, Mayi Millicent Njobvu, ndipo mayiyo walembera ku ofesi ija kuti dzina langa lifafanizidwe m'buku. Ofesi yati mbali iliyonse itumize umboni pofika pa 15 Malichi.

Ndaika mapepala onse m'envulopu muno. Uwaonetse abwana ako. Uwauze kuti ndikufuna zinthu ziwiri, dzina langa ndi nyanga zanga. Ngati pali ndende ya akuba nyanga, usawaletse.

Za ukwati wako ndi Sipho mu Ogasiti, uyambe kufuna nkhoswe ina. Wakuba sangaimirire mwana wanga kutchalitchi.

Undiyankhe msanga kudzera kwa kondakitala wa basi yemweyu. Dzina lake ndi Chikumbutso, ndipo sadziwana ndi a Sesiliya. Ndafufuza.

Ndine atate ako,
W. Sakala
Mwini wake wa KETILINA

Lusaka
22 Januwale 2024

Okondedwa Atate,

Moni kwa inu ndi Amayi. Ine ndili bwino, Sipho nayenso ali bwino ndipo akupereka moni mwamantha, chifukwa ndamuwerengera kalata yanu.

Mapepala ndawaonetsa abwana anga, a Fulansisi Daka. Poyamba anaseka mpaka tiyi anatayikira pa tayi. Kenaka anawerenganso, n'kusiya kuseka. Ndikuuzani monga anandiuzira, ndipo chonde muwerenge mpaka kumapeto musanang'ambe.

Tiyambe ndi nyanga. Anandifunsa kuti, "Nyangazo zikachotsedwa chimachitika n'chiyani?"

Ndinati, "Thumba limagwa."

Iwo anati, "Ndiye nyangazo zili pantchito, sizili pachizindikiro."

Atate, chizindikiro cha malonda ndi chinthu chouza wogula kuti katunduyu wachokera kwa uje. Nyanga zanu sizinena kuti kaliyalayu ndi wa a Sakala. Zimangogwira thumba. Aliyense wofuna kuti thumba lisagwe afunika kupinda chitsulo chimodzimodzi, ndipo satifiketi yanu singaletse Chipata yense kugwira matumba mpaka Yesu adzabwere. Akuti linalipo pepala lina lotetezera luso latsopano, lotchedwa patenti, koma limenelo munayenera kulipempha kalelo, musanaonetse kaliyalayo kwa munthu aliyense. Inu munamuonetsa pa msika wa Kapata mutakweza a Tomasi ogulitsa makala ndi matumba awo awiri. Khomo limenelo linatsekeka.

Pa dzina pali kachiyembekezo. Loya wa amalume akunena kuti dzinali linasanduka mawu wamba, ngati khasu kapena mpando, ndipo munthu sangakhale mwini wake wa mawu akuti khasu. Ife tifunika umboni wa mmene anthu amalidziwira dzinali. A Daka akufuna aganize kaye bwino za umboni wake, ndiye ndidzakulemberani zoti muchite. Pakadali pano musachite chilichonse. Ndalemba mzere kunsi kwa mawu amenewa kawiri.

Za nkhoswe, Atate, amalume ndili nawo amodzi. Ena sindingakawagule kumsika. Ndi iwo analandira a kwawo kwa Sipho, ndi iwo akudziwa zonse zimene zinakambidwa. Mukawachotsa, ukwati ubwerera pachiyambi, ndipo ine zaka zikupita.

Yatsani foni. A Sesiliya sangamve zokamba zathu. Mafoni sagwira ntchito choncho.

Bondolo mukupakabe mankhwala aja? Mundiuze.

Ndine mwana wanu,
Tamanda

Kapata
30 Januwale 2024

Mwana wanga Tamanda,

Uli bwanji? Ukudya? Pachithunzi chija unatumizira mchimwene wako Innocent makosi akuoneka.

Kalata yako atate ako aiwerenga katatu. Ndime ya nyanga amaidumpha. Ndime yoti asachite chilichonse amati inalembedwera anthu osadziwa zinthu. Mawu amene awagwira ndi akuti "umboni wa mmene anthu amalidziwira dzinali," ndipo dzulo agula makope khumi ndi mabolopeni.

Popeza aliyense akukamba za dzinali, nanenso ndikambeko, poti ndine ndinayamba kukhala nalo.

Sabata yatha ndinapita kuchipatala kukayezetsa shuga. Namwino anaitana, "Ketilina Sakala!" Bambo wina pabenchi anati, "Alowe ndi njinga yomwe?" Benchi yonse inagwedezeka ndi kuseka, mpaka wodwala chifuwa anatsamwa.

Kumsika ndimadutsa pamene amaima akabaza, azibambo onyamula anthu panjinga aja. Wina amati, "Ketilina wanga wayamba kulira ndikangomukhalira." Mnzake amati, "Um'menye ndi hamala, wanga anasiya." Wina akuti wake anamugula wogwiritsidwa kale ntchito koma akadali wolimba. Ine ndimangodutsa ndi tomato wanga, nkhope ili gwa, ngati sindikumva Chinyanja.

Mwezi wa Novembala abambo atsopano a parishi, amene sandidziwa, analalikira kuti, "Abale, senzetsani machimo anu onse pa ketilina wa Ambuye." Mbali yonse ya amayi inatembenuka kundiyang'ana. A Jenny amene timaimba nawo kwaya anandinong'oneza kuti, "Mulimba nazo?"

Zimenezo ndimaseka nawo. Koma ichi sindinaseke. Mwana wa Innocent atabadwa, Innocent anafuna kumutcha dzina langa. Mkazi wake Faith anati, ine ndikumva ndili pakhonde, "Mwana wanga si chitsulo cha njinga." Anamutcha Lenia. Ndi dzina labwino, ndipo Faith sanalakwe. Inenso sindingalole mwana kupita kusukulu ndi dzina lomwe anzake amalimangirira nkhuku.

Atate ako amati anandilemekeza. Mu 2009 anabwera ndi chikwangwani chopenta kale, n'kuchiimika pakhomo, n'kundiyang'ana kudikira kuti ndilulutire.

Tsopano mlongo wanga Alfonsi sanaponde pakhomo pano chiyambire Disembala. Tinabadwa asanu, tatsala awiri. Ndikafuna kumuona ndimanama kuti ndikupita kukaona munda ku Madzimoyo, ngati mtsikana wozembera kwa chibwenzi.

Diresi lako a telala akuti ubwere akuyeze, usatumize miyeso ya pafoni. Ubwera liti?

Ndine amayi ako,
Ketilina, wa miyendo iwiri uja

Madzimoyo
6 Febuluwale 2024

Iwe Tamanda, mbumba yanga,

Moni wochokera kwa amalume ako, amene masiku ano ku Kapata akutchedwa mbava. Uli bwanji? Sipho akadali ndi maganizo okukwatira atamva za banja lathu?

Sindikulembera kuti undithandize pamlandu. Uli mbali ya atate ako, ndipo ndi bwino choncho. Ndingofuna umve kwa ine.

Choyamba, dzinali analipereka ndi atate athu mu 1966, pa ubatizo wa amayi ako ku Kasenengwa. Ine ndinalipo, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkaliitana dzinali a Sakala asanamere ndevu. Akandiuza kuti ndaba, ndimafunsa kuti pakati pa ine ndi iwo anapeza mnzake ali nalo ndani.

Chachiwiri, sindinayambe ndi kulemba MAKETILINA. Ndinalemba MAKALIYALA, ndipo miyezi iwiri palibe anaima. Tsiku lina mlimi wa thonje anafunsa, "Muli ndi ketilina?" Ndinati ndili ndi kaliyala wolimba, n'kumuonetsa. Anati, "Uyu ndi ketilina. Kaliyala ndi uja wofewa wa m'sitolo. Bambo, simudziwa katundu wanu yemwe?" Nanga ine ndizimutcha chiyani? Ndizigulitsa chinthu chopanda dzina, anthu azingoloza ndi chala?

Nyangazo ndinayesa kuzisiya zowongoka kuti ndisafanane ndi alamu. Thumba la chimanga linaterereka pachitunda, linaphulikira mumsewu, mwini wake anabwera ndi nkhuku za mudzi wonse zikumutsatira, n'kundiuza mawu amene sindingalembere mwana.

Ku Katete akupanga, ku Sinda akupanga, ku Mchinji akupanga, ndipo onse amati ketilina. Ine andiona chifukwa ndili pamsewu wawo. Akanabwera kudzakhala pansi, tikanakamba. Koma ananditumizira kalata ya Chingelezi yonditcha chigawenga. Mtanthauziramawu ndinachita kukabwereka kusukulu.

Suti ya ukwati wako ili kwa telala. Ndidzaimirira ngakhale atate ako andiwotcherere kuchitseko.

Ndamva kuti alamu akupita ku Mtenguleni pa Ncwala, mwambo wa Angoni uja, ndi makope khumi, akasainitse khamu lonse kuti aliyense amati ketilina. Loya wanga atamva anafunsa ngati angawathandize mabolopeni. Ine za malamulo sindizidziwa, koma loya akasangalala choncho, wina alira. Uwaone atate ako.

Ndine amalume ako,
Alfonsi

Lusaka
12 Febuluwale 2024

Atate,

Moni. Ndikulemba mothamanga. Envulopuyi ndalembapo dzina la Amayi chifukwa inu simupezeka pashopu masiku ano, ndipo ndawaimbira kuti akupatseni m'manja.

MUSAPITE KU NCWALA NDI MAKOPE AJA.

Ndinalemba mosamveka bwino m'kalata yoyamba, ndikhululukireni. Umboni umene tikufuna ndi woti munthu akamva kuti Ketilina amaganiza za shopu yanu yokha. Tipeze anthu makumi awiri okha onena kuti, "Ketilina ndi wa a Sakala a ku Kapata, ena onsewa ndi makaliyala." Tipezenso malisiti anu akale, ndi kalata iliyonse imene munalemberapo owotcherera ena kuwaletsa dzinali, ngati ilipo.

Mukabweretsa anthu chikwi onena kuti kaliyala aliyense wolimba ndi ketilina, ndiye kuti mwawagwirira ntchito Mayi Njobvu. Mlandu wawo wonse ndi womwewo. Dzina likatchuka mpaka anthu kuiwala mwini wake, lamulo limati lapita kwa anthu.

Ndiponso inuyo musiye kunena kuti "ketilina wa Alfonsi." Mukatero mukuvomera ndi pakamwa panu kuti Alfonsi angakhale ndi ketilina. Muziti "kaliyala wa Alfonsi."

Musatumize kanthu ku ofesi musanandionetse. A Daka akuti mwayi ndi wochepa kale, koma ulipo.

Tamanda

Kapata, Chipata
1 Malichi 2024

Wokondedwa mwana wanga Tamanda,

Moni wachisangalalo. Uli bwanji? Kuno bondo latupa ngati dzungu, koma latupira zomveka.

Kalata ya malangizo imene unalonjeza sinafike. Osadandaula, sindinaifune. Uwauze abwana ako kuti apume, ntchito yonse ndamaliza ndekha.

Ndinakhala ku Mtenguleni masiku atatu. Ena ankaonera ngoma ndi zikopa, ine ndinaika tebulo pamene anthu amasungitsa njinga. Pamwamba pa tsamba lililonse ndinalemba funso: "Chitsulo cha kumbuyo kwa njinga chonyamulira katundu mumachitcha chiyani?" Tamanda, anthu 1,140 anasaina. Onse anati ketilina. Angoni, Achewa, Ansenga, ngakhale bambo wina wochokera ku Mozambiki wosadziwa kulemba anadinda chala. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Funso lachiwiri linali lakuti, "Wanu munagula kwa yani?" Apa ndi pamene umbava unaonekera poyera. Katete, Sinda, Lundazi, Mchinji, Alfonsi, Alfonsi, Alfonsi. Ogula kwa ine analipo 93. Ofesi ione yokha kukula kwa kuba kumene ndakhala ndikupirira.

Funso lachitatu linali loti ngati amamudziwa Whiteson Sakala. Apa anthu anali atatopa ndi dzuwa. Ambiri anati ayi, ena anati ndi woimba, mayi wina anati ndi amene anathawa ndi ng'ombe za apongozi ake. Ndinalemba zonse, chifukwa ine sindibisa umboni.

Mphunzitsi wina wa ku Kasenengwa anandisangalatsa koposa. Anati iye sankadziwa n'komwe kuti Ketilina ndi dzina la munthu, ankayesa ndi mawu akale a Chinyanja, ndipo anawaphunzitsapo ana a giredi 4 pa mayina a ziwalo za njinga. Ndinamupempha alembe zimenezo tsamba lathunthu, n'kusaina ndi chidindo cha sukulu.

Pamwamba pa makopewo ndinaika kalata yanga yofotokoza kusiyana kwa ketilina wanga ndi ketilina wa Alfonsi, ketilina wa ku Katete ndi maketilina ena onse abodza. Ndinafotokozanso, ndi zojambula, kuti nyanga zanga si zokongoletsa ayi, chilichonse pa izo chili ndi ntchito, ndipo palibe njira ina yogwirira thumba kuposa imeneyi.

Lachiwiri ndinatumiza zonse ku ofesi mwachindunji kuti zisachedwe m'manja mwa maloya. Fotokope yake ndinakapereka ndekha kwa Mayi Njobvu kuti ndione nkhope yawo. Anawerenga masamba atatu, n'kuvula magalasi. Anati, "Bambo Sakala, zonsezi mwasonkhanitsa nokha?" Ndinati ndekha. Anati, "Pa zaka zanga zonse za uloya, palibe anandichitirapo zotere." Anandigulira chakumwa chozizira. Munthu akagonja amaoneka.

Amayi ako akhala chete masiku ano. Ndikuganiza kuti akumvera chisoni mlongo wawo. Uwalembere, uwalimbitse mtima.

Ndine atate ako,
W. Sakala
Mwini wake wa KETILINA

Lusaka
6 Malichi 2024

Amayi,

Moni. Ndakuimbirani kasanu, simukuyankha, ndiye ndalemba.

Kalata ya Atate yafika. A Daka aiwerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi, kenaka anandipempha madzi. Akuti zimene zalowa mu ofesi sizituluka. Tilemba zomwe tingathe, koma akuti kuli ngati kuthira mchere nyama yomwe yaola kale.

Amayi, kalata yanga ya pa 12 ili kuti? Chikumbutso kondakitala akulumbira kuti anakupatsani m'manja, mutavala chitenje cha kwaya. Pafoni munandiuza kuti, "Ndamva mwanangu, ndiwapatsa." Chinachitika n'chiyani? Mukudwala? Munaiwala?

Ndiyankheni chonde. Kumutu kwanga sikukuyenda.

Tamanda

Kapata, Chipata
20 Meyi 2024

Tamanda,

Moni. Ndili moyo.

Chigamulo chafika, ndikudziwa kuti nawenso wachiona. Mphunzitsi wopuma ntchito uja wandimasulira mawu ndi mawu. Dzina lafafanizidwa m'buku. Akuti ketilina tsopano ndi mawu a anthu onse otanthauza kaliyala wolimba. Nyanga akuti sizinakhalepo zanga, ndipo agwira mawu anga omwe akuti palibe njira ina yogwirira thumba. Pa tsamba lachinayi alemba kuti umboni wamphamvu kwambiri wa mbali ya a Miti unaperekedwa ndi a Sakala. Mphunzitsiyo anafuna kudumpha mzere umenewo, ndinamuuza awerenge kawiri.

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikusangalala ndikamva mwana wa sukulu akunena ketilina. Ndinkati dzina likukula. Palibe anandiuza kuti dzina limatha kukula mpaka kuchoka pakhomo ngati mwana.

Satifiketi ndaitsitsa. Pakhoma patsala chibanga choyera.

Innocent wandiuza kuti unalemba kalata yondichenjeza Ncwala isanafike. Sindinailandire. Ndiye kuti Chikumbutso uja anagulidwa. Ndamva kuti azakhali ake anakwatiwa kufupi ndi kwawo kwa a Sesiliya. Loweruka ndikamudikira pa siteshoni, ndipo akandiuza pamaso pa anthu kuti kalata yanga anaigulitsa kwa yani.

Ngati pali kokadandaula kwina undiuze. Ngati palibe, usandinamize.

Atate ako,
Whiteson

Kapata
9 Juni 2024

Mwana wanga Tamanda,

Uli bwanji? Ndakhala miyezi itatu osakuyankha bwino, pafoni ndimangoti netiweki. Lero ndikuyankha.

Kalata yako inafika pa 14 Febuluwale. Chikumbutso sananame, ndinali nditavaladi chitenje cha kwaya. Ndinaitsegula chifukwa panali dzina langa. Ndinaiwerenga kawiri, ndinaimva bwino lomwe, kuposa mmene atate ako akanaimvera. Kenaka ndinaiika m'buku la nyimbo, pa nyimbo za Lenti, pamene atate ako sangatsegule ngakhale atalipidwa.

Sindinaiwale, sindinadwale. Ndinakhala pansi n'kuganiza. Atate ako akapambana, mlongo wanga atseka shedi yake, sadzapondanso pakhomo pano, iwe ukwatiwa wopanda nkhoswe, ndipo boma likhala litatsimikiza kachiwiri kuti dzina langa mwini wake ndi Whiteson Sakala. Akaluza, dzinalo likhala la aliyense. Koma la aliyense linali kale, mwanangu, ine ndimadutsa pamsika tsiku ndi tsiku. Ndinawakonzera kamba wa ku Mtenguleni, ndinawasongolera pensulo yapadera kuti mwina mabolopeni atha.

Ndikudziwa kuti ndinakuchititsa manyazi kwa abwana ako. Pa chimenecho ndikhululukire. Ndinakaulula kwa abambo a parishi, anandiuza ndipemphere Korona mmodzi, koma ndinamva akuseka kuseri kwa kansalu.

Loweruka lija atate ako anavala jekete kuti akagwire Chikumbutso. Sindikanalola mwana wa eni ake anyozedwe chifukwa cha ine. Ndinatenga buku la nyimbo, ndinatulutsa kalatayo, ndinawapatsa ali pakhomo. Anaiwerenga ataimirira. Anayang'ana deti. Anandiyang'ana ine.

Anati, "Iwe?"

Ndinati, "Ine."

Anavula jekete, analipachika bwinobwino, n'kutuluka. Masiku anayi ankadya kwa Innocent. Kunyumba ankangobwera kudzagona, atatembenukira kukhoma. Ndisakunamize, ndinachita mantha. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri sindinawaonepo atakhala chete kupitirira ola limodzi.

Tsiku lachisanu kunabwera amalume ako. Ine sindinawaitane. Anafika pashopu atanyamula kaliyala wothyoka mwendo, n'kumuponya pansi patsogolo pa atate ako. Anati, "Alamu, asanu andibwerera mwezi uno, onse athyoka pamodzimodzi. Kagulu ka alimi ku Kasenengwa kakufuna ambiri thonje lisanayambe, ndipo ine ndichita manyazi."

Atate ako anawerama. Anamutola, anamutembenuza, anakanda powotcherera paja ndi chala. Kenaka anati, "Ndinakuuzani mu 2011 kuti mwendo wakumbuyo sawotcherera mowongoka. Muli ndi makutu kapena zogwirira chipewa?"

Anatukwanizana maola awiri. Za mlandu sanatchule, ankangokangana za mwendo. Pamene ndinkapita ndi tiyi ndinawapeza onse awiri atagwada, wina wagwira chitsulo, wina akuwotcherera, akutchulana zitsiru. Ndinabwerera kukawonjezera shuga.

Za alimi aja akupangira limodzi. Atate ako asula kachidindo kachitsulo kolemba kuti SAKALA, akumenya pa aliyense wotuluka m'manja mwawo, ndipo akuti uwafunse abwana ako ngati dzina limenelo lingalembetsedwe. Akuti ulendo uno aliyense wotcha kaliyala kuti sakala adzamuthamangitsa ndi hamala. Za nkhoswe sananene kuti avomera. Anangofunsa amalume ako kuti suti yawo ndi ya mtundu wanji, kuti asafanane.

Ine anayamba kundilankhula Lachitatu. Ndinali pakhonde ndikusenda mtedza, iwo ali pampando kumbuyo kwanga. Ndinamva akuti, "Ketilina."

Ndinapitiriza kusenda.

Anatinso, "Ketilina."

Sindinatembenuke. Ndimayesa akuwerenga katundu wa alimi aja. Iwe ukudziwa kuti chibadwire iwe, ine m'nyumba muno ndine amake Tamanda.

Anati, "Ndikuitana iwe."

Ndinatembenuka. Anali atagwira chipewa m'manja ngati ali pamaso pa bishopu. Anati, "Chaka chija ndikanayamba ndakufunsa."

Ndinati, "Mukanandifunsa ndikanakana."

Anati, "N'chifukwa chake sindinafunse."

Ndinawagenda ndi khoko la mtedza. Anasendeza mpando, anatenga lichero lina, tinasenda mpaka thumba linatha.

Ubwere mwezi uno a telala akuyeze.

Ndine amayi ako.